Kuthamanga Sikufika: Mipikisano Yowawa Yoyenera Kuiyesa Tsiku Lina

Ambiri a ife tikamva za marathon timati pamenepo ndiye pothera pa kuthamanga. Makilomita 42.195 si chinthu chochitira chibwana, ndipo amene anawamalizapo amayenda motsimphina sabata yathunthu. Komatu padziko pano pali mipikisano imene makilomita 42 amangokhala malonje. Ku South Africa anthu amathamanga makilomita pafupifupi 90 pakati pa mbandakucha ndi kulowa kwa dzuwa. Ku Morocco amadutsa m'chipululu cha Sahara makilomita pafupifupi 250, chakudya chili kumsana. Ku America kuli wina umene, kuyambira 1986 kufika 2024, anthu amene anaumaliza wonse anali 20 okha.

Kodi mwa mipikisano yotereyi, ndi iti imene munthu wanzeru zake angaiike pamtima n'kunena kuti tsiku lina adzaiyesa? Funsoli lingaoneke ngati la anthu okhuta, losamukhudza munthu wa ku Nselema, kumene nsapato yothamangira imapezeka mwamwayi pa kaunjika. Ine ndimaliona mosiyana. Pamsewu wa Bakili Muluzi, wochokera ku Liwonde kudzera ku Ntaja ndi kwathu kuno ku Nselema mpaka ku Namwera ndi ku Mangochi, tsiku ndi tsiku pamadutsa anthu opirira modabwitsa: wapanjinga amene wasanjikiza matumba a mpunga kuchokera kumadambo a ku Chiuta, wakabaza amene amapalasa kuyambira m'mawa mpaka mdima, mayi amene wayenda maola angapo mtolo uli pamutu, mwana ali kumsana. Miyendo ilipo. Chimene chimasowa ndi kudziwa kumene miyendoyo ingakafike ndiponso njira yokafikira kumeneko. Mipikisano yowawa sifanana: ina imamanga munthu, ina ndi ya anthu a ndalama, ina ndi yongophunzirapo uli patali. Tiyeni tiisanthule umodziumodzi.

Chimene chimagwetsa munthu panjira

Kuwawa kwa mipikisanoyi kumayambira m'thupi. Mphamvu yofulumira kugwira ntchito thupi limaisunga m'minofu ndi m'chiwindi ngati shuga, koma imakhala yochepa: munthu akamathamanga mwamphamvu imatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. N'chifukwa chake pa marathon ambiri amafooka mwadzidzidzi cha pa makilomita 30, miyendo n'kulemera, mutu n'kuyamba chizungulire. Zikatero thupi limadalira mafuta, amene ndi ochuluka koma amatulutsa mphamvu mochedwa. Choncho wothamanga makilomita 90 kapena 170 amayenera kudya ali paliwiro, ndipo ambiri amene amasiyira panjira amagonja chifukwa m'mimba mwakana chakudya, miyendo ikadali ndi mphamvu.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Minofu ikamagwira ntchito imatenthetsa thupi, ndipo thukuta ndilo limaliziziritsa. Kutentha kwa m'thupi kukapitirira madigiri 40, munthu amayamba kubwebweta, kudzandira, ngakhale kukomoka kumene, ndipo akapanda kumuthira madzi ozizira msanga akhoza kufa. Komabe madzi nawo akachuluka amapha. Mu 1985 Tim Noakes, katswiri wa ku University of Cape Town, anafotokoza za othamanga amene anadwala mwakayakaya chifukwa chomwa madzi mopitirira muyeso mpaka mchere wa m'magazi unasungunuka, ubongo n'kutupa. Mfundo imene akatswiri ambiri amagwirizana lero ndi yakuti munthu azimwa akamva ludzu, osati kumangodzikhuthulira pamalo paliponse pamene pali madzi.

Wachitatu ndi matsitso. Amene sanathamangepo m'phiri amaopa chitunda, koma amene anathamangapo amaopa kutsika. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito yoletsa thupi kuti lisagubuduzike, ndipo imang'ambika pang'onopang'ono m'kati. Pakutha pa maola angapo, phazi lililonse loponda pansi limabaya mpaka m'chiuno.

Wachinayi ndi mutu. Mpikisano ukapitirira usiku umodzi, tulo timasokoneza maganizo. Anthu amaona zinthu zomwe palibe, amasochera panjira yoonekeratu, amakhala pansi n'kuyamba kulira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo palibe malo amene mawuwa amaoneka poyera kuposa pano: amene ayamba ndi liwiro la kalulu ndiye amakhala woyamba kunyamulidwa.

Mulanje: wowawa, ndipo ndi wathu

Mpikisano woyamba pamndandanda wa Mmalawi aliyense uyenera kukhala Mount Mulanje Porters Race. Unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati mpikisano wa anthu onyamulira alendo katundu ndi owaperekeza m'phiri, anthu amene kukwera Mulanje ndi ntchito yawo yodyera. Kenako unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi, eni dziko ndi alendo, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likuuyendetsa n'cholinga chakuti anthu alikonde phirilo ndi kuteteza mitengo yake ya mkungudza, imene yatsala pang'ono kutheratu. Umachitika nyengo yozizira, kawirikawiri mwezi wa July.

Mtunda wake ndi makilomita oposa 20 pang'ono, ndipo wina akhoza kuupeputsa poona kuti ndi theka chabe la marathon. Ameneyo sanaione njira yake. Othamanga amanyamukira pa Likhubula, n'kukwera chitunda chachitali cholunjika kumtunda wa Chambe, pamene munthu amakwera mamita oposa 1,000 m'makilomita owerengeka, manja akukankha mawondo. Akafika pamwamba amadutsa njira yokwera ndi kutsika yopita kumtunda wa Lichenya, kenako n'kutsetsereka pamiyala kubwerera ku Likhubula. Ulendo umene mlendo woyenda bwinobwino amathera tsiku lathunthu kapena masiku awiri, akatswiri amaumaliza m'maola oposa awiri pang'ono. Ambiri mwa iwo ndi ana a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, ndipo ena akhala akuuthamanga opanda nsapato.

Phiri limeneli latulutsa anthu. Tereza Master wa ku Mulanje anaimira dziko lino pa marathon ya Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016. Edson Kumwamba, amene anakulira m'tsinde mwa phirilo akuonerera mpikisanowu, anapita ku Cape Town kukafuna ntchito monga amachitira anyamata ambiri, ndipo kumeneko anatchuka pa mipikisano yaitali ya m'mapiri mpaka kukathamanga ku mapiri a Alps ku Ulaya. Nkhani zawo zikutiuza kuti Mulanje ndi sukulu yokwanira kukonzekeretsa munthu mipikisano ya dziko lonse.

Kwa munthu wa ku Nselema, ubwino wa mpikisanowu ndi wakuti sulira pasipoti. Mukwera galimoto mpaka ku Liwonde ndi Zomba, kenako n'kudzera msewu wa Jali ndi Phalombe kapena wa ku Limbe, ndipo tsiku lomwelo mwafika. Koma phirili nlofunika kuliopa. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo chiperoni chikagwa, chifunga chimaphimba njira m'kanthawi kochepa, mphepo n'kulowa m'mafupa. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafa ndi kuzizira atapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa. Woyeserera njira ya mpikisanowu apite ndi wodziwa phirilo.

Comrades: maola 12 pakati pa mizinda iwiri

Wodutsa Mulanje ndi kumalizapo marathon akhoza kuyang'ana kumwera. Comrades Marathon imachitika pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban, mtunda wa makilomita 86 mpaka 90 malinga ndi njira ya chaka chimenecho. Kwathu kuno, kumeneko n'kunyamuka ku Blantyre, kudutsa mumzinda wa Zomba, n'kukaima cha ku Malosa. Anauyambitsa ndi Vic Clapham, msilikali wobwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pofuna kukumbukira anzake amene anafera kunkhondoko. Pa 24 May 1921 ananyamuka anthu 34, omaliza anali 16, ndipo wopambana, Bill Rowan, anatenga maola 8 ndi mphindi 59. Masiku ano amanyamuka anthu pafupifupi 20,000.

Kawirikawiri njira imasinthana: chaka china amakwera kuchokera ku Durban kugombe, chaka china amatsika kuchokera ku Pietermaritzburg. Pakati pali zitunda zisanu zotchuka, Cowies, Fields, Botha's, Inchanga ndi Polly Shortts, ndipo pa ulendo wokwera Polly Shortts amakumana nacho munthu atathamanga kale makilomita pafupifupi 80. Ulendo wotsika ndiwo umawononga ntchafu kwambiri. Amanyamuka kusanache, atawaulutsira kulira kwa tambala, ndipo aliyense amapatsidwa maola 12. Nthawi ikamatha, mkulu wa mpikisano amaima pamzere womalizira atafulatira othamanga, maso ali pawotchi, n'kuomba mfuti. Wofika sekondi imodzi pambuyo pake salandira mendulo ndipo dzina lake sililembedwa. Khamu lalikulu limamaliza m'ola lomalizalo, ena atakolekana m'mapewa ndi anthu amene sanawaonepo chibadwire.

Mbiri ya mpikisanowu imakhudza mtima wa munthu wakuda aliyense. Kwa zaka zoposa 50 anthu akuda ndi amayi sankaloledwa kulembetsa. Frances Hayward anauthamanga mu 1923 ndipo Robert Mtshali mu 1935, onse popanda kuwerengedwa. Khomo linatseguka mu 1975, ndipo mu 1989 Samuel Tshabalala anakhala wakuda woyamba kupambana. Bruce Fordyce anapambana ka 9. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana zaka zitatu zotsatizana, 2009, 2010 ndi 2011. Tete Dijana, amene ankagwira ntchito ya ulonda, anapambana mu 2022, ndipo mu 2023 anamaliza ulendo wotsika m'maola 5, mphindi 13 ndi masekondi 58. Tsiku lomwelo Gerda Steyn anamaliza m'maola 5, mphindi 44 ndi masekondi 54, kusiya kumbuyo amuna zikwizikwi.

Comrades ndi mpikisano wa anthu wamba. Pamzere wonyamukira pamaima aphunzitsi, alonda, anamwino, oyendetsa minibasi ndi agogo amene anaumalizapo ka 10 n'kupatsidwa nambala yobiriwira yokhala yawo mpaka kalekale. Chofunika kuti munthu alembetse ndi kumaliza marathon yovomerezeka m'maola osakwana 5. Tikakumbukira kuchuluka kwa ana a ku Machinga ndi ku Mangochi amene akugwira ntchito ku Joni ndi ku Durban komweko, tikhoza kuona kuti mpikisanowu uli pafupi nafe kuposa momwe timaganizira. Amene ali ku Cape Town ali ndi Two Oceans, wa makilomita 56, umene unayamba mu 1970 ndipo umakwera Chapman's Peak ndi Constantia Nek. Ndi poyesera pabwino munthu asanalimbane ndi makilomita 90.

Kumene dzuwa ndilo mdani

Marathon des Sables anauyambitsa ndi Patrick Bauer wa ku France mu 1986, atayenda yekha m'chipululu cha Sahara zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Umachitikira kumwera kwa Morocco, makilomita pafupifupi 250 ogawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi pa sabata imodzi, ndipo chigawo chachitali chimapitirira makilomita 80. Okonza amapereka madzi oyeza ndi tenti yogonamo basi. Chakudya cha sabata yonse, chofunda ndi zina zonse munthu amasenza yekha. Mchenga ukalowa m'nsapato umatulutsa matuza, matuzawo n'kusanduka zilonda, ndipo m'mawa mwake phazi lomwelo liyenera kulowanso m'nsapato. Mu 1994 Mauro Prosperi wa ku Italy anasochera mphepo yamchenga itaphimba njira, ndipo anakapezeka ku Algeria patadutsa sabata yoposa imodzi, atatsala mafupa okhaokha.

Chosangalatsa n'chakuti amene akhala akupambana kwambiri ndi eni chipululucho. Lahcen Ahansal, mwana wa banja loweta ziweto la cha ku Zagora, anapambana ka 10. Alendo amabwera ndi zipangizo zodula, koma wokulira m'mchengamo amadziwa popondera. Chodandaulitsa ndi mtengo: kulembetsa kokha kumalira ma euro zikwi zingapo, ndege ndi zipangizo zisanawerengedwe. Popanda kampani yomuthandiza, Mmalawi wamba sangaufikire.

Ku California kuli Badwater, wa makilomita 217. Umayambira m'chigwa cha Death Valley, pamalo otsika mamita 86 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, n'kukathera m'mbali mwa phiri la Whitney pamtunda woposa mamita 2,500. Amauchita dala mwezi wa July, pamene kutentha kumafika madigiri 50. Amaloledwa anthu pafupifupi 100 osankhidwa, aliyense ali ndi galimoto ndi gulu lomuthira madzi. Ife a kuno timalidziwa dzuwa la October la ku Liwonde ndi ku Balaka, limene limathamangitsira ngakhale mbuzi pamthunzi. Phunziro la mipikisano iwiriyi kwa ife ndi lakuti thupi limazolowera kutentha pang'onopang'ono, pa sabata imodzi kapena ziwiri zoyeserera mosamala, ndipo wochita liuma ndi dzuwa sapambana.

Mapiri, usiku ndi kusochera

Pa mipikisano ya m'mapiri, wotchuka kwambiri ndi Ultra-Trail du Mont-Blanc, umene unayamba mu 2003. Umanyamukira ku Chamonix kumapeto kwa August, n'kuzungulira phiri la Mont Blanc kudzera m'mayiko atatu, France, Italy ndi Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 170. Zitunda zake zonse zikaphatikizidwa zimakwana mamita pafupifupi 10,000, kuposa kutalika kwa Sapitwa katatu. Akatswiri amamaliza m'maola pafupifupi 20, pamene wamba amapatsidwa maola 46 ndi theka, kutanthauza kugona panjira usiku uwiri, kapena kusagona kumene. Kwa mwana wa m'tsinde mwa Mulanje kapena Zomba, awa ndiwo maloto oyenera, chifukwa luso lake ndi lomwelo limene amaphunzira kwawo.

Barkley Marathons, wa m'nkhalango ya Frozen Head ku Tennessee, ndi wamtundu wina. Gary Cantrell, wodziwika ndi dzina lakuti Lazarus Lake, anaukonza m'njira yakuti anthu azilephera. Amaloledwa anthu pafupifupi 40. Njira ilibe zizindikiro ndipo zida zolozera njira za pa setilaiti n'zoletsedwa. Munthu amadalira mapu ndi kampasi. M'nkhalangomo amabisamo mabuku, ndipo wothamanga amang'amba tsamba logwirizana ndi nambala yake ngati umboni wakuti anafikadi pamalopo. Ayenera kuzungulira kasanu m'maola 60. Zaka zambiri sipakhala womaliza ndi mmodzi yemwe. Mu 2024 Jasmin Paris wa ku Britain, dokotala wa ziweto ndiponso mayi wa ana awiri, anakhala mkazi woyamba kuumaliza, patangotsala masekondi 99 kuti nthawi ithe, ndipo anagwa pansi pomwepo.

Nkhani zoterezi zimakoma kumva, koma pali ina yofunika kuisunga pambali pake. Pa 22 May 2021, m'chigawo cha Gansu ku China, anthu 172 ananyamuka pa mpikisano wa makilomita 100 wa m'mapiri. Nyengo inasintha mwadzidzidzi, kunagwa mvula yamatalala ndi mphepo yozizira, ambiri atavala makabudula ndi malaya opyapyala. Anafa anthu 21, kuphatikizapo ena mwa akatswiri a dzikolo. Mpikisano wabwino umakakamiza aliyense kunyamula chovala chamvula ndi chofunda, umaika anthu othandiza m'malo ovuta, ndipo suchita manyazi kuimitsa zonse nyengo ikaipa. Musanalembetse paliponse, funsani za zimenezi. Mendulo siiposa moyo.

Njinga ndi nyanja

Kupirira sikuli m'kuthamanga mokha, ndipo kwa anthu a chigawo chino njinga ndiyo ili m'magazi. Kuyambira 2003 pakhala ulendo wa Tour d'Afrique, umene kwa zaka zambiri unkachokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, makilomita pafupifupi 12,000 pa miyezi inayi. Njira yake yakhala ikudutsa m'dziko muno, kulowera ku Karonga, kukwera kupita ku Mzuzu, kufika ku Lilongwe, n'kutulukira ku Mchinji kulowa ku Chipata. Opalasawo amayenda makilomita oposa 100 patsiku pa njinga zopepuka za magiya, katundu wawo ali m'galimoto. Anyamata athu a kabaza amapalasa njinga zolemera, zopanda giya, munthu ali kumbuyo. Mtima umandiwawa kuti mphamvu yotereyi palibe amene amaiyeza kapena kuitsegulira khomo.

Nyanja ya Malawi nayo yayesedwapo. Mu 1992 Lewis Pugh anasambira kuidutsa mopingasa pamtunda wa makilomita pafupifupi 25. Mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira utali wake wonse, makilomita pafupifupi 580, m'masiku 54, akulimbana ndi mafunde ndiponso mantha a ng'ona. Palinso mpikisano wa mabwato a matanga umene wakhala ukuchitika nyengo ya mwera, kuchokera kumwera kwa nyanjayi kulowera kumpoto. Zonsezi zachitika pamadzi athu, pamaso pa asodzi amene amapalasa bwato usiku wonse, koma mayina olembedwa m'mbiri ndi a alendo.

Mphamvu ya ntchito ndi mphamvu ya mpikisano

Pano pafunika kunena zoona. Kupirira kwa mlimi kapena wakabaza ndi maziko olimba, koma pakokha sikukwanira. Wapanjinga ali ndi mtima ndi mapapo amphamvu, komabe mawondo ndi akakolo ake sanazolowere kugunda pansi kwa maola ambiri. Mafupa ndi mitsempha zimalimba mochedwa kuposa mpweya, ndipo wofulumira kuwonjezera mtunda amavulala asanafike n'komwe pa tsiku la mpikisano. Njira yabwino ndi ya zaka: makilomita 10 choyamba, kenako 21, kenako Mulanje ndi marathon ya ku Blantyre, ndipo pambuyo pake ndiye kuganiza za Comrades. Sabata iliyonse pakhale tsiku limodzi la mtunda wautali wothamanga modekha, liwiro loti munthu n'kumacheza ndi mnzake, tsiku lina la zitunda, ndi masiku opuma. Zitunda sitisowa: kuli mapiri a Chikala, zikweza za ku Namwera ndi phiri la Zomba.

Chakudya chake tili nacho kale. Nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa zimapereka mphamvu. Nyemba, nandolo, mtedza, matemba ndi mazira zimamanga minofu imene yawonongeka. Panjira, nthochi, mbatata yophika yothira mchere ndi thobwa zimagwira ntchito imene ena amalipirira ndalama zambiri, bola munthu aziyesere pokonzekera, osati kuziyamba tsiku la mpikisano. M'mwezi wa Ramadani, abale athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno, akhoza kuchepetsa mtunda ndi kuthamanga madzulo atamasula, osati masana pakhosi pali pouma.

Pali adani ena amene mabuku a kunja sawatchula kawirikawiri koma ife timakhala nawo: malungo, likodzo ndi njoka zam'mimba. Onsewa amachepetsa magazi, ndipo magazi ndiwo amanyamula mpweya kupita ku minofu. Wofuna kuyamba mitunda yaitali apite kaye kuchipatala akamuyeze magazi ndi kuthamanga kwa mtima, makamaka ngati wapitirira zaka 40. Amene wangochira malungo kapena ali ndi thupi lotentha asanyamuke, ngakhale atalipira kale. Ndipo mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac asamwedwe pothamanga mtunda wautali, chifukwa thupi likauma akhoza kuwononga impso. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa mpikisano, kumeneko n'kofunika dokotala tsiku lomwelo.

Tsono ndi iti?

Ndikaika mipikisano yonseyi pasikelo, ndimayang'ana zinthu zitatu: ngati munthu wamba angaufikire, ngati okonza ake amasamala moyo wa othamanga, ndiponso ngati umasiya kanthu kwa anthu a kumaloko. Pa zonse zitatu, Mulanje ndi Comrades ndiyo ili patsogolo. Wa Mulanje ndi wa Mmalawi aliyense wathanzi amene angadzipereke chaka chimodzi kapena ziwiri. Comrades ndi wa amene angapirire zaka zitatu kapena zinayi zokonzekera ndi kusunga ndalama ya basi. Mont Blanc ndi Sahara ndi ya aluso athu ochepa amene akuyenera kupeza owathandiza, ndipo makampani a m'dziko muno amene amathira ndalama ku mpira wokha akadayang'anako. Badwater ndi Barkley tiyeni tiphunzirepo kudekha ndi kukonzekera, osadzimva kuti taperewera chifukwa sitinakafikeko.

Koma palibe amene adzafike pa Likhubula kapena ku Durban ngati kwawo kulibe poyambira. Catherine Chikwakwa, amene anapata mendulo ya siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004, anaoneka chifukwa panali pomuonera. Ana a liwiro ngati lake alipo m'masukulu a ku Nselema, Chikweo, Ngokwe ndi Ntaja, ndipo ambiri amakula mpaka kukalamba popanda wowagwirira wotchi. Kukonza mpikisano wa makilomita 10 kapena 21, ndi wina wa njinga za kabaza, sikulira bwalo lamakono. Kumalira mafumu, aphunzitsi a zamasewera, apolisi apamsewu, achipatala ndi amalonda a pamsika kukhala pansi, kusankha tsiku la nyengo yozizira, kuyeza mtunda moona, kuika madzi panjira ndi kulemba nthawi ya aliyense, wamkazi ndi wamwamuna yemwe. Opambana asanu atumizidwe ku Mulanje chaka chomwecho ndi ndalama zosonkha. Zimenezi n'zotheka ndi zomwe tili nazo m'manja lero, ndipo ndi ntchito yoyenera kuiyamba chaka chino.